Kwa Makolo Achinyamata a ku Mbizo: Za Mwana Amene Sacheuka Mukamuitana

Ana anga, inu amene mwangoyamba kumene mabanja muno mu Mbizo, ku Amaveni, ku Torwood mpaka ku Shurugwi, pali mwana wina amene tonse timamudziwa koma sitimukamba poyera. Wakwanitsa zaka ziwiri, mwina zitatu. Mukamuitana dzina sacheuka, koma wina akangotsegula pepala la maputi kuchipinda china iye wafika kale. Ndege ikamadutsa saloza kumwamba kuti nanunso muione. Akafuna madzi amakugwirani dzanja n'kukaliika pa ndowa, osakuyang'anani kumaso. Amatha theka la tsiku akundanda zitsekerero za mabotolo pakhonde, ndipo wina akasuntha chimodzi kulira kwake kumamveka mpaka kuseri kwa mashopu. Madokotala amautcha mkhalidwe umenewu otizimu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali nawo. Muwerenge nokha ana a m'sekishoni yanu, muone ngati nkhaniyi ndi ya kutali.

Chimene chimayamba kufika m'nyumba yotere ndi mlandu, chithandizo chimadza mochedwa. Kwekwe ndi tauni ya golide chiyambire pamene mgodi wa Globe and Phoenix unatsegulidwa m'zaka za m'ma 1890, ndipo kumene kuli golide nkhani za kukhwima sizisowa. Bambo akangogula kagalimoto m'chaka chomwe mwana wasiya kutchula timawu take, anthu amanong'onezana kuti wam'pereka mwanayo kuti mwala uzimuyendera. Akakhala kuti bamboyo ndi wosauka ngati tonsefe, chala chimatembenukira kwa mayi: anam'tsempha, anayenda njira zosayenera ali ndi pakati, kwawo kuli mbewu yoipa. Ankhoswe amaitanidwa, apongozi amatumiza mawu kuchokera ku Dedza kapena ku Mangochi, ndalama ya lendi imathera kwa asing'anga ndi kwa aneneri a kuphiri. Zonsezi zikuchitika, mwana uja akukula, ndipo palibe amene akum'phunzitsa kanthu.

Musaganize kuti kuloza mayi chala ndi umbuli wa ife tokha. Leo Kanner, dokotala wa pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, atafotokoza koyamba za ana 11 otere mu 1943, panabuka akatswiri ena amene ankati vuto ndi amayi ouma mtima, osafungatira ana awo. Bruno Bettelheim wa ku Chicago anazifalitsa kwambiri zimenezi m'buku lake la mu 1967, ndipo amayi ochuluka anakhetsa misozi pa mlandu umene sanapalamule. Kafukufuku wa mapasa ndi wa mabanja anadzaonetsa kuti gawo lalikulu la otizimu ndi la kumtundu, lochokera mbali zonse ziwiri, ndiponso kuti bongo wa mwanayo umayamba kukula mwa njira yakeyake asanabadwe. Umapezeka mwa anyamata pafupifupi kanayi kuposa mwa atsikana. Choncho mlanduwo uthetseni msanga, ulibe mwini.

Za katemera ndinenepo mwachidule, chifukwa bodzalo lafika kale pa WhatsApp ya kumpingo. Linayamba ndi Andrew Wakefield, amene analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1998 kuti katemera wa chikuku akukhudzana ndi otizimu. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo, ndipo iyeyo analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala ku Britain. Ife kuno tinaona ndi maso athu mu 2022, pamene chikuku chinabuka ku Mutasa ku Manicaland n'kupha ana oposa 700, ambiri mwa iwo osabayidwa. Ngati mukufuna chinthu choti muziopa pakhomo, opani utsi wa mekyule umene amakorokoza ena amawotchera golide kukhitchini. Imeneyo ndi nkhani ina, si otizimu, koma utsiwo umawonongadi bongo wa mwana, ngakhale amene ali m'mimba.

Tengani khadi la kusikelo mupite ku kiliniki. Musakangonena kuti mwana akuchedwa kulankhula, chifukwa adzakuyankhani zomwe azakhali anu anakuyankhani kale, zoti amalume ake nawonso anachedwa. Mawu otonthoza amenewo adya zaka za ana ambiri. Kafotokozeni chimodzichimodzi: sacheuka akaitanidwa, saloza, sabweretsa chidole kudzakuonetsani, anali ndi mawu angapo koma anawataya. Pemphani kuti ayesedwe makutu, popeza mwana wosamva amaoneka chimodzimodzi poyamba, ndipo wosamva ali ndi njira yake, monga sukulu ya Jairos Jiri Naran Centre ku Gweru. Akamachita ngati wakomoka maso ali gwa, kapena kugwa n'kumaphiriphitha, nenani, chifukwa khunyu limayenda limodzi ndi otizimu mwa ana ambiri ndipo ilo lili ndi mankhwala ake. Kenako pemphani kalata yopita nayo ku dipatimenti ya rehabilitation pa Kwekwe General Hospital. M'zipatala za boma muno muli anthu amene anaphunzitsidwa ntchito imeneyi ku Marondera, ndipo ana ena amatumizidwa ku Children's Rehabilitation Unit pa chipatala cha Sally Mugabe ku Harare. Koma musakhale manja lende kudikira kuti wina alembe dzina la vutolo papepala. Kuphunzitsa kuyambe sabata yomweyo.

Chithandizo chimene mudzachimva kwambiri chimatchedwa Applied Behaviour Analysis, mwachidule ABA. Maziko ake, amene anachokera ku ntchito ya B.F. Skinner, ndi osavuta kumva: khalidwe limene lam'bweretsera munthu phindu amalibwereza, limene silinam'pindulire kanthu limazilala. Ivar Lovaas wa pa yunivesite ya California ku Los Angeles ndiye anatchukitsa njirayi pa ana a otizimu. Mu 1987 anafalitsa zotsatira za ana 19 amene ankaphunzitsidwa maola 40 pa sabata kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo, mphunzitsi mmodzi mwana mmodzi, ndipo 9 mwa iwo anakhoza kuphunzira m'kalasi wamba. Amene anabwereza kafukufukuyu pambuyo pake sanafike pa chiwerengero chokoma choterocho, ngakhale kuti phindu analiona. Tsono maola 40 a katswiri, mu Mbizo muno, kumene mabanja ambiri akhala akudalira maganyu ndi timisika chiimire ng'anjo za ZISCO mu 2008, ndani angalipire?

Chimene chinandilimbitsa mtima ine n'chakuti ofufuza ena anasiya kufunsa za maola a katswiri n'kuyamba kufunsa za makolo. Jonathan Green ndi anzake ku Manchester anaphunzitsa makolo kuwerenga zizindikiro za ana awo, powajambula vidiyo akusewera n'kumaionera limodzi. Zotsatira zinatuluka mu 2010, ndipo mu 2016 anapeza kuti phindu lake linali likadalipo patapita zaka pafupifupi 6. Njira yomweyo inayesedwa ku Goa m'dziko la India ndi ku Rawalpindi ku Pakistan, ophunzitsa ake ali anthu wamba a zaumoyo, osati madokotala. WHO nayo ili ndi maphunziro a olera ana otchedwa Caregiver Skills Training, amene ayesedwa m'mayiko oposa 30, kuphatikizapo Ethiopia ndi Kenya. Zonsezi zikuloza kumodzi. Mwana amadya, amasamba, amavala, amasewera tsiku lililonse, ndipo amene amakhala naye pa nthawi zimenezo ndi inuyo. Maphunziro ake ali momwemo.

Yambani ndi kakope ka sukulu ndi bolopeni. Tsamba lililonse mulilembe mizere iwiri kuti pakhale magawo atatu. M'gawo loyamba muzilemba chimene chimachitika mwana asanayambe kuvuta: nthawi yanji, kuti, panali ndani, munamuuza chiyani. M'gawo lachiwiri chimene wachita, monga momwe diso laonera. Musalembe kuti anachita mwano, lembani kuti anadzimenya pamphumi ndi chibakera kasanu. M'gawo lachitatu, limene limawawa kulemba, chimene inuyo munachita pambuyo pake. Chitani zimenezi masabata awiri osaweruza chilichonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kakope kameneka kamaulula zinthu zimene mkwapulo sungaulule. Ndinaonapo mnyamata amene ankagunditsa mutu pansi madzulo ena, ena ayi, mpaka apabanja anayamba kunena kuti mizimu imam'bwerera dzuwa likamalowa. Kakope kanaonetsa kuti anali madzulo amene magetsi azima ndipo jenereta ya pa shopu yoyandikana nayo yalizidwa. Phokoso limene ife tinalizolowera iye limam'lasa m'makutu. Anam'pezera chipewa chaubweya chophimba makutu ndi malo kuchipinda chakuseri, kugunditsa mutu kunachepa. Mtsikana wina ankadziluma dzanja mpaka kutuluka magazi, ndipo m'gawo lachitatu amayi ake ankangolemba mawu amodzimodzi: ndinam'patsa mahewu kuti atonthole. Mwanayo sanali woipa mtima. Anali atapeza kuti m'nyumba imeneyo njira yachidule yopezera mahewu ndi kudziluma, popeza pakamwa pake mawu sankatuluka.

Brian Iwata ndi anzake anaonetsa mu 1982 kuti kudzivulaza kwa ana otere kumakhala ndi cholinga chimene chingathe kupezeka mukamasintha zochitika chimodzichimodzi. Kawirikawiri mwana amafuna chinthu, kapena amafuna kuti mumuyang'ane, kapena akuthawa ntchito kapena malo amene akum'sautsa, apo ayi thupi lake likumva kukoma kapena kupepukidwa ndi zimene akuchitazo. Ine ndimawonjezera kuti musanafufuze zonsezi, muyang'ane m'kamwa, m'makutu ndi m'mimba. Mwana wofatsa akasintha mwadzidzidzi, nthawi zambiri ndi dzino lobowoka, mafinya m'khutu kapena kudzimbidwa. Inu dzino likawawa mumanena. Iye amamenya khoma.

Mukadziwa chimene akufuna, ntchito yanu ndi kum'patsa njira ina yochipemphera, yosavuta kuposa kudziluma. Edward Carr ndi Mark Durand analemba za njira imeneyi mu 1985, ndipo chaka chomwecho Andy Bondy ndi Lori Frost anayamba kuphunzitsa ana ku Delaware kupempha popereka chithunzi, njira imene imadziwika kuti PECS. Simufunika kugula kanthu. Dulani chithunzi cha pa katoni ya mahewu, muchimate pa kachidutswa ka katoni yolimba. Pakhale anthu awiri. Mayi akhale kutsogolo kwa mwana atagwira kapu, asanene kanthu. Mwana akatambasula dzanja kuti alande, mkulu wake amene ali kumbuyo agwire dzanjalo mofatsa, alitolere chithunzi, alifikitse m'dzanja la mayi. Pomwepo, osachedwa ngakhale pang'ono, mayi anene kuti “mahewu” n'kum'patsa. Thirani pang'ono pokha, okwana kumeza kawiri, kuti apemphenso. Mawa mkulu wake agwire pamkono m'malo mwa dzanja, mkuja angokhudza chigongono, mpaka tsiku lina dzanjalo lipite lokha. Kenako chithunzi chiikidwe patali pang'ono kuti azichitsata. Kenako mubweretse chachiwiri, cha buledi, kuti aphunzire kusankha.

Agogo ena adzakuuzani kuti mukam'zoloweretsa zithunzi sadzalankhulanso. Kafukufuku sanapeze zimenezo. Ana ena amayamba kutchula mawu ali pa zithunzi pomwepo, chifukwa azindikira kuti kuuza munthu kanthu kumapindulitsa. Ndipo musaiwale kum'phunzitsa kukana. Mwana amene ali ndi chizindikiro chonenera kuti “basi” kapena “ndipume” safunika kugubuduza tebulo kuti mumumve. Akachionetsa, lemekezani, makamaka masiku oyamba, ngakhale ntchito isanathe.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa makolo ambiri mphwayi, ndipo ndi bwino muchidziwiretu. Mukasiya kupereka switi chifukwa cha kulira, kulirako kumayamba kwakula kusanachepe. Taganizani mmene mumachitira madzi akasiya kutuluka pampopi: simuchoka nthawi yomweyo, mumapotokola kwambiri, mumaumenya ndi chikhatho, kenako ndiye mumanyamula ndowa kupita kumjigo. Mwananso amatero. Tsono mukagonja pamene kulira kwafika pachimake, pa shopu anthu akukuyang'anani ndipo mayi wina akunena mokweza kuti mwana wolera yekha uyu, mwam'phunzitsa kuti kulira kwa dzulo kunali kochepa, kofunika ndi kwa lero. N'chifukwa chake zinthuzi muziyambira kunyumba, tsiku limene muli ndi mphamvu, ndipo nonse a m'nyumbamo mugwirizane. Bambo akamakana, agogo n'kumapereka mobisa, mwangovutitsa mwana pachabe. Koma ngati khalidwelo ndi lovulaza, monga kugunditsa mutu pa simenti, musaliyese lokha ili popanda wa ku rehabilitation. Tetezani mutu kaye. Musasokonezenso kulira kofuna chinthu ndi kulira kwa mwana amene phokoso ndi khamu zam'kwana. Wachiwiriyu sakukuyesani. M'chotseni pamalopo, muchepetse mawu, mudikire.

Mphotho isakhale chakudya chokha, ndipo chakudya cha tsiku ndi tsiku chisasanduke malipiro. Nsima ndi ufulu wake. Yang'anani chimene iye amakonda. Wina ndi thovu la sopo, wina kuzunguzidwa m'mwamba, wina kagudumu ka waya. Mawu oyamikira azinena chimene wachita: “wavala wekha nsapato”, osati kungoti “mwana wabwino”. Ndipo muzimugwira akuchita zabwino. M'nyumba zambiri mwana wotere akakhala phee aliyense amapumira m'mwamba n'kumuiwala, akaswa kapu onse amathamangira kwa iye. Mukuganiza kuti aphunzirapo chiyani?

Ntchito zodzisamalira muziphwanye tizigawo, ndipo muziyambira kumapeto. Povala kabudula, inu mulowetse miyendo yonse iwiri, mukokere mpaka m'ntchafu, iye angomaliza kukokera m'chiuno, ndiye mumuyamikire ngati wavala yekha. Akazolowera, musiyire m'maondo. Kenako mwendo umodzi. Chokoma cha njira imeneyi n'chakuti nthawi zonse womaliza ntchito ndi iyeyo. Kusamba m'manja, kutsuka mano, kudya ndi supuni, kupita kuchimbudzi, zonse zimatheka chomwecho. Jambulani ndi foni zinthu za tsiku lake, beseni, mbale, chipata, kombi, bedi, mukazitsukitse m'tauni, muzimate pakhoma motsatana kuti azidziwa chikubwera. Ana ambiri a otizimu amamva ndi maso kuposa ndi makutu, ndipo pulogalamu ya TEACCH imene Eric Schopler anakhazikitsa ku North Carolina mu 1972 inamangidwa pa mfundo imeneyi. Mawu anu akhale ochepa. “Tenga kapu” amamveka. Chiganizo chachitali chokhala ndi madandaulo mkati chimangom'dutsa.

Tsono apa ndikuchenjezeni, chifukwa chida chimenechi cha ABA n'chakuthwa. Lovaas m'zaka zake zoyambirira ankagwiritsa ntchito mbama, kukalipira, ngakhale magetsi, ndipo cholinga chake chinali chakuti mwana asasiyanenso ndi anzake pooneka. Lero kuli akuluakulu ambiri a otizimu amene amalemba ndi kulankhula poyera, ndipo ena mwa iwo amadana ndi ABA kotheratu. Amati anawaphunzitsa kumvera aliyense, kubisa mantha, kuyang'ana anthu m'maso pamene kuteroko kumawapweteka. Ine ndikuona kuti akunena zoona pa zambiri, ndipo kuno kwathu, kumene mwana wabwino timati ndi womvera, ngoziyo ndi yaikulu kwambiri. Musanayambe kusintha khalidwe lililonse dzifunseni kuti likupweteka ndani. Kukupiza manja akasangalala sikupweteka munthu. Kumangokuchititsani inu manyazi m'tchalitchi, ndipo manyazi anuwo si matenda a mwana. Musiyeni. Kudzigwedeza, kung'ung'udza, kunyamula kachingwe kake kulikonse, zimam'khazika mtima pansi. Limbanani ndi zimene zingam'vulaze kapena kum'tsekera njira: kudziluma, kuthawira kumsewu, kulephera kupempha, kulephera kudzithandiza kuchimbudzi. Mtsikana amene waphunzitsidwa kuti wamkulu aliyense akanena ayenera kutsatira, ndipo sangathe kufotokoza zimene zam'chitikira, ali pa ngozi imene sindifunika kuitchula. Mkwapulo ndiye ayi. Umaletsa khalidwe pamene mwaimirira pomwepo, suphunzitsa choti achite m'malo mwake, ndipo mwana amene amatsanzira zimene waona adzamenya mng'ono wake.

Muzisiyanso nthawi ina tsiku lililonse imene simukum'phunzitsa kanthu. Khalani pansi pamkeka, mutenge zitsekerero zanu, muzindanda monga akundandira iye. Musam'funse mafunso. Tsiku lina adzaima n'kuyang'ana dzanja lanu, kenako nkhope yanu, kuti aone ngati muikanso china. Kuyang'ana kumeneko n'kosiyana ndi kuyang'ana kochita kum'gwira chibwano, ndipo kulankhulana kumamera pamenepo.

Tauni yathu ili ndi ngozi yakeyake. Ana ambiri a otizimu amakonda kuchoka osatsanzika, saopa galimoto, ndipo madzi amawakoka. Kwekwe yakumbidwa pansi ndi pambali. Mu Malichi 2023 pansi pa kalasi ya pa Globe and Phoenix Primary School panagumukira m'ngalande ya okumba golide, ana n'kuvulala. Nanga maenje osatsekedwa a m'tchire, amene amadzaza madzi nthawi ya dzinja? Ikani loko pamwamba pa chitseko pamene safikira. Sokerani nambala ya foni mkati mwa malaya ake. Koma chachikulu, musam'bise. Pitani naye kwa anansi, kwa ogulitsa tomato pakona, kwa anyamata oitanira makombi, muwauze kuti mwana uyu sayankha akaitanidwa, mukamuona yekha m'gwireni dzanja mundiimbire. Mwana amene amatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha manyazi, tsiku limene adzatuluke palibe adzam'zindikire. Kum'mangirira pa mtengo kapena pa mwendo wa bedi, monga ena amachitira akamapita kumsika, ndi nkhanza ngakhale cholinga chikhale chabwino. Gwirizanani ndi mayi mnzanu muzisinthana.

Za sukulu, yambani ndi mapepala. Ambiri a ife makolo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo zitupa zathu zinakhala zaka zambiri zitalembedwa kuti ndife alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anavomereza kuti wobadwira muno amene kholo lake linachokera m'dziko la SADC, ndipo anali kukhala muno, ndi nzika. Malamulo omwewo, mu gawo 83, amanena za ufulu wa anthu olumala, kuphatikizapo maphunziro. Koma mwana wopanda setifiketi ya kubadwa amavutika kulembetsa sukulu, ngakhale kulowa pa thandizo la fizi la BEAM. Konzani zimenezo akadali wamng'ono. Kenako pitani ku ofesi ya maphunziro ya boma mukapemphe kuti akatswiri a Schools Psychological Services amuyese; ndiwo amalangiza ngati apite m'kalasi wamba, m'kalasi yapadera, kapena ku sukulu ngati Mudavanhu ya Zimcare Trust ku Gweru. Kulikonse kumene apite, kakope kaja ndi zithunzi zake zipite naye, ndipo mukhale pansi ndi aphunzitsi ake. Mphunzitsi wa ana makumi asanu sangazitulukire yekha zimene inu mwazipeza m'chaka chathunthu.

Wina adzakulangizani kuti musiye kum'lankhulira Chichewa, ati zinenero zambiri zikum'sokoneza. Ana a muno amakula akumva Chichewa kwa agogo, Chishona pamsewu, Chingerezi kusukulu, ena ndi Chindebele chomwe. Kafukufuku amene wachitika pa ana a otizimu a m'mabanja a zinenero ziwiri sanapeze kuti zimawabweza m'mbuyo. Mukam'chotsera chinenero cha m'nyumba, mwam'chotsera agogo ake, amene mwina ndiwo ali ndi nthawi ndi kuleza mtima kuposa aliyense. Chofunika n'chakuti pamene mukuphunzitsa chinthu chatsopano nonse muzitchula liwu limodzi mpaka aligwire.

Ogulitsa machiritso adzakupezani, pa Facebook ndi pakhomo pomwe. Palibe mankhwala, a chipatala kapena a zitsamba, amene amachotsa otizimu. Alipo amene dokotala angapereke pa zovuta zina, monga a khunyu, kapena risperidone pa ukali woopsa, koma ameneyu amanenepetsa ndi kugonetsa, ndipo saphunzitsa mwana kupempha madzi. Madzi ena amene amagulitsidwa pa intaneti ndi dzina la MMS ndi mankhwala oyeretsera, amawotcha m'mimba. Pempherani ndithu ngati ndinu opemphera, inenso ndimapemphera. Koma aliyense amene akufuna kuti mwana asale kudya, amenyedwe kuti chiwanda chituluke, kapena asiye mankhwala a khunyu, m'tulutseni m'nyumba mwanu.

Inu abambo, ndikudziwa kuti mumabwera kuchokera ku shifiti ya ku Zimasco kapena kumaenje muli otheratu. Komabe tengani ntchito imodzi ikhale yanu, kaya kum'sambitsa, kaya kuyenda naye madzulo njira yomweyomweyo mpaka pa Mbizo Stadium n'kubwerera. Mnyamatayu adzafika zaka 14, adzakhala wamphamvu kuposa amayi ake, adzafunika kuphunzitsidwa kumeta ndi kudziwa zoyenera kuchitira kuchipinda kokha, ndipo simungadzayambe pamenepo ngati simunakhale naye ali wamng'ono. Mayi amene sagona mokwanira miyezi ndi miyezi amadwala maganizo, ndipo kumeneko si kufooka. Friendship Bench imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006, ya agogo ophunzitsidwa kumvetsera anthu pa benchi kunja kwa kiliniki, inafalikira m'madera ambiri a dziko lino; funsani anamwino ngati ilipo pafupi. Fufuzaninso makolo ena a ana otere. Ku Harare kuli Pathways Autism Trust, koma ngakhale amayi anayi okumana pansi pa mtengo Loweruka amaphunzitsana zambiri.

Musapikisane ndi mwana wa ena. Ana awa amasiyana kutalitali. Ena adzalankhula mpaka kukutopetsani ndi nkhani ya sitima zapamtunda, ena adzafika ku yunivesite ngati Temple Grandin wa ku America, amene sanalankhule mpaka atapitirira zaka zitatu koma anadzakhala pulofesa wa za ziweto. Ena sadzatchula liwu moyo wawo wonse ndipo adzafuna wowasamalira mpaka kukalamba. Pa zaka zitatu palibe angakuuzeni motsimikiza kuti wanu adzakhala uti, ndipo amene akulonjezani kuti achira pofika Khirisimasi akufuna ndalama zanu. Muyezo wake ndi iye mwini wa miyezi itatu yapitayo, ndipo kakope kaja ndiko kadzakuuzani.

Alongo ndi abale ake muwaphunzitse zithunzi ndi zizindikiro zake, koma musawasandutse makolo akadali ana. Mtsikana wa zaka 10 asajombe kusukulu chifukwa cholera mlongo wake. Ndipo mwana wa otizimuyo mum'patse ntchito ya pakhomo kuyambira pano, yoti ndi yake tsiku lililonse: kuthirira ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba, kupatula nyemba, kupachika zovala, kusanja tomato milumilu pa tebulo la amayi ake. Ambiri mwa ana amenewa amakonda ntchito yobwerezabwereza imene ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo amaichita mosamala kuposa anzawo. Yambani ndi yaifupi, ya mphindi ziwiri, mumuonetse ndi manja, ndipo akamaliza adziwe kuti wamaliza.